Apilo pa zigamulo za panjira, mlandu wa bizinesi ukakhala ndi kampani yakunja kuno ku Harare

Anthu ambiri akamva zoti apilo amaganiza za kumapeto, mlandu watha, a jaji anena kuti uje alipire uje madola akutiakuti, ndiye woluzayo akuthamangira ku Supreme Court. Koma amene munakhalapo pa mlandu wa bizinesi ku High Court kuno ku Harare, makamaka woti mbali inayo ndi kampani yakunja, kaya ya ku Blantyre, ya ku Johannesburg, ya ku Beira olo ya ku Dubai, mukudziwa kuti nkhondo yeniyeni imachitikira panjira, nkhani ya ngongoleyo isanayambe n'komwe kumvedwa. Mutha kudya miyezi mukungolimbana kuti khoti lino lili ndi mphamvu pa mlanduwu kapena ayi, masamani anafika bwino kapena ayi, wakunjayo ayike kaye ndalama ya chikole, thiraki yomwe a Sheriff ayitsekera pa yadi ku Msasa ituluke kapena isatuluke. Zigamulo za pa timikangano timeneti maloya amati interlocutory, ine muno ndizingoti zigamulo za panjira. Ndipo maganizo anga ndinenerethu pompano, zambiri mwa izo musavutike nazo kupanga apilo, mungotaya madola ndi nthawi. Koma zilipo zina zoti mukazilekerera ndiye kuti mlandu wonse wapita, nde nkhani yagona pa kusiyanitsa ziwirizi kenako kuwerenga masiku bwinobwino.

Loya ndiye muyenera kukhala naye, ndipo akhale wolembetsedwa muno mu Zimbabwe, uja wanu wa ku Lilongwe atha kukulangizani pa foni koma sangangotsika basi pa Roadport n'kukaima pamaso pa jaji. Ndikulemba izi kuti mukakhala mu ofesi mwake musamangogwedeza mutu kwinaku bilu ikukwera.

Tigwirizane kaye kuti wakunja ndi ndani, paja ife a ku Malawi, ku Chipata ndi ku Tete tinakulira kuno tikutchedwa ma alien ndiye nkhani zotere zimatidzidzimutsa msanga. Pa nkhani iyi khoti siliyang'ana pasipoti, limayang'ana kumene munthu amakhala. Wokhala muno amati incola, wokhala kunja amati peregrinus. Madala obadwira ku Dedza amene akhala ku Mufakose kuyambira unyamata wawo ndi incola, pomwe Mzimbabwe weniweni amene anasamukiratu ku Leeds atha kuwerengedwa ngati peregrinus. Pa kampani m'pamene anthu amasokonezeka, chifukwa kampani pa lamulo ndi munthu payokha. Ngati inalembetsedwa ku Blantyre ndipo ofesi yake ili ku Limbe, ndi yakunja basi, olo mwini wakeyo azigona ku Highfield tsiku ndi tsiku.

Ndiye wakunja akangolowa pa mlandu pamabadwa mikangano yake. Woyamba ndi wa mphamvu za khoti. Wamuno akafuna kusumira wakunja kawirikawiri amayamba wapempha khoti kuti katundu wa wakunjayo amene ali muno agwidwe, kuti chigamulo chikadzatuluka chisadzakhale pepala chabe, ndipo pempho limeneli limapita mwakachetechete winayo osadziwa, n'chifukwa chake ma thiraki odutsa pa Nyamapanda kupita ku Beitbridge amakonda kukodwa, dalaivala amangoona a Sheriff atulukira. Gawo 15 la High Court Act limalolanso khoti kupereka chilolezo chotulutsa masamani popanda kugwira katunduyo, bola likhutire kuti katundu kapena munthuyo ali mu Zimbabwe ndipo n'zotheka kumugwira. Wachiwiri ndi wa kapelekedwe ka masamani kunja kwa dziko, kumene kumafuna chilolezo cha khoti, edictal citation. Wachitatu ndi security for costs, chikole chija, pamene wamuno akuti akulu awa akaluza ndidzawapeza kuti, ayike kaye ndalama yolipirira maloya anga. Wachinayi ndi ndime ija ya kumapeto kwa kontirakiti imene palibe amawerenga posayina, yoti mkangano ukabuka tikapita ku arbitration, kwa woweruza amene tasankha tokha kunja kwa khoti, kapena ku khoti la ku London. Kuwonjezera apo pali tazing'onoting'ono ta mlandu uliwonse, kusuntha tsiku, kukonza mapepala, kukakamiza mnzako kutulutsa ma invoice ndi ma email, kapena jaji kunena kuti nkhani yanu si yachangu.

Tsopano a jaji agamula, simunakondwe. Chinthu choyamba si kukwiya pa WhatsApp, pezani order yeniyeniyo yolembedwa, muwerenge mawu ake, osati zomwe loya wakuuzani pa kolido. Ngati a jaji anangolankhula pakamwa osapereka zifukwa zolemba, loya alembe kalata kwa registrar, wosunga mapepala a khoti, tsiku lomwelo kupempha zifukwazo, chifukwa apilo yopanda zifukwa za jaji siyenda, koma masiku ndiye amakhala akuyenda.

Kenako tsegulani gawo 43 la High Court Act, Chapter 7:06. Pamenepa m'pamene pali chitseko. Limanena kuti chigamulo cha panjira cha jaji wa High Court simungachipangire apilo popanda chilolezo cha jaji yemweyo, ndipo iye akakana mukapemphe kwa jaji wa ku Supreme Court. Chilolezo chimenechi ndi chija amati leave to appeal. Pali malo 3 okha pamene chilolezo sichifunika: pamene pakukhudza ufulu wa munthu kapena kusunga ana, pamene interdict, chiletso cha khoti, yaperekedwa kapena yakanidwa, ndi pa order ya special case, funso la lamulo lotumizidwa ku khoti, pansi pa lamulo la arbitration. Kwa ife a bizinesi pofunika ndi pa interdict, mwachitsanzo khoti laletsa kampani yanu kutulutsa katundu mu weyahausi ku Southerton, apo chitseko n'chotsegula. Gawo lomwelo lilinso ndi pamene latsekeratu. Mukapempha summary judgment, chigamulo chachidule popanda kumva mlandu wonse, a jaji n'kukana n'kumulola mnzanuyo kudziteteza popanda chomumanga, apilo palibe, pitani ku mlandu basi. Order imene munagwirizana nokha, kapena yongokhudza ndalama za maloya zokha, imafunanso chilolezo.

Funso lovuta ndi ili: chigamulo changachi ndi cha panjira kapena ndi chomaliza? Musanamizidwe ndi dzina lomwe lalembedwa pamwamba. Supreme Court inanena pa mlandu wa Blue Rangers Estates v Muduviri mu 2009 kuti choyang'ana ndi zimene order ikuchita osati maonekedwe ake, order itha kulembedwa provisional, yongoyembekezera, koma ntchito yake ili yomaliza. Makhoti a kuno amatsatiranso milandu ya ku South Africa poti lamulo lathu ndi limodzi la Roman-Dutch, makamaka South Cape Corporation wa 1977 ndi Zweni wa 1993. Mu Zweni muli mafunso amene inunso mutha kudzifunsa muli pa kombi. Kodi jaji yemweyo angathe kudzasintha chigamulochi mtsogolo, kapena watsekeratu? Kodi chanena motsimikiza za ufulu wa mbali ziwirizi? Kodi chathetsa gawo lalikulu la zomwe zikupemphedwa pa mlandu waukulu? Mayankho akakhala oti watsekeratu, chatsimikiza, chathetsa, ndiye kuti ndi chomaliza ndipo apilo ndi ufulu wanu.

Tiyerekeze kampani yanu ya kuno inagulitsa katundu kwa kampani ya ku Lilongwe, sanalipire, mwasuma ku Harare, iwo akuti khoti lino lilibe mphamvu pa ife, a jaji avomera. Chimenecho olo chikuoneka ngati cha ndondomeko chabe, mlandu wanu muno wathera pomwepo, jaji sadzaubwereranso, ndiye ndi chomaliza. Koma a jaji akangoti mlandu wasunthidwa mpaka mwezi wa mawa, kapena tulutsani ma bank statement, kapena konzani mapepala anu, zimenezo ndi za panjira zenizeni, sizikunena kuti wolakwa ndani. Pakati pa ziwirizi pali chigwa chimene maloya amadyerapo, ngati pamene a jaji akana chitsutso cha wakunja n'kuti mlandu upitirire muno, kapena alamula chikole chachikulu choti kampani yakunjayo siingachikwanitse ndipo mlandu wayima mpaka ilipire. Apa ine ndimati safunsa anadya phula, pemphani chilolezo. Chifukwa apilo yomwe imafuna chilolezo koma mwailowetsa popanda, pa lamulo kulibe, Supreme Court inanena kale zimenezi pa Jesse v Chioza mu 1996, ndipo zimapweteka chifukwa mumakazimva tsiku lomvera apilo, mutalipira kale rekodi, mpukutu wa mapepala onse a mlanduwo, ndi advocate, loya wokakuyankhulirani pa apilo, majaji atatu n'kungoichotsa pa mndandanda mkangano wanu osaukhudza n'komwe.

Koma palinso msampha mbali inayo umene anthu sawuona. Mukapempha chilolezo pomwe sichimafunika, masiku 15 a apilo amakhala akuwerengedwa kuchokera tsiku la chigamulo, ndiye a jaji akadzati chilolezo apa n'chosafunika mwezi utatha, mwachedwa kale, muyambenso kupempha chikhululuko. Nde mufunseni loya wanu mwachindunji, mawotchi awiriwa mukuwayang'ana onse?

Kapemphedwe ka chilolezo kali mu High Court Rules a 2021, amene analowa m'malo mwa akale a 1971. Njira yachidule ndi kupempha pakamwa pompo a jaji akangomaliza kuwerenga chigamulo, loya amaimirira n'kunena zifukwa zake. Izi zimafuna kuti mukhale mutakambirana kale dzulo lake kuti zikatipendekera tipanga chiyani, makamaka ngati mabwana a kampani ali kunja ndipo foni yawo imalira osayankhidwa. Zikapanda kutero pempho lolemba lilowe pasanathe masiku 12, lifotokoze chifukwa chomwe simunapemphe pompo komanso mfundo zomwe mukufuna kukatsutsa. Masiku 12 akadutsa mumayamba ndi kupempha chikhululuko, condonation, ndipo akadutsa 24 chitseko chimenechonso chimatsekeka pokhapokha jaji atalola. Akakukanizani, malamulo a Supreme Court a 2018 anapereka masiku 10 okapempha kwa jaji wa kumeneko, ndipo pempho limeneli amaliona jaji mmodzi mu chemba. Akakulolani, notice of appeal ilowe pasanathe masiku 10 kuchokera pa chilolezo, kapena 15 kuchokera pa chigamulo, kutengera lomwe lili kutsogolo. Malamulo a makhoti amasinthidwa ndi chilengezo cha boma, statutory instrument kapena SI, nthawi ina iliyonse, ndiye manambalawa loya awatsimikize pa buku lomwe likugwira ntchito tsiku limenelo, osati la mu shelefu.

Masikuwa ndi a khoti, Loweruka, Lamlungu ndi maholide sawerengedwa. Koma maholide ake ndi a Zimbabwe, abale anga. Heroes ndi Defence Forces mu August, 18 April, 22 December, amenewo inde. 6 July ikagwa pakati pa sabata kuno ndi tsiku la ntchito, 15 January ya Chilembwe chimodzimodzi, ndiye zoti ofesi yathu ku Blantyre inali yotseka sizimveka kwa registrar.

Nanga a jaji amafuna kumva chiyani kuti alole? Mukuwapempha munthu yemweyo amene wakugamulani kuti avomere zoti khoti lina litha kuona mosiyana, ndiye ulemu ndi mfundo, osati mkwiyo. Chachikulu ndi kuonetsa kuti apilo ili ndi mwayi weniweni wopambana, komanso kuti kuimva pano kuthandiza mlandu kusiyana ndi kudikira kumapeto, poti makhoti amadana ndi mlandu wodulidwa nthulinthuli, lero apilo ya ichi mawa apilo ya icho. Ndipo apa m'pamene ma apilo ambiri a za panjira amafera, chifukwa zigamulo zambiri zotere jaji amagamula mwa nzeru zake, discretion. Kusuntha tsiku, kukula kwa chikole, kulola pepala lochedwa, zonsezi zili m'manja mwake. Pa Barros v Chimphonda mu 1999 Supreme Court inati sikokwanira kuti majaji a apilo akanakhala iwo akanagamula mwina, payenera kuoneka kuti jaji anatsata mfundo yolakwika, anatengeka ndi zinthu zosakhudza nkhani, anaphonya zoona zake, kapena anasiya kuganizira chinthu chofunika. Ndiye ngati dandaulo lanu ndi loti chikole chachuluka basi, mulibe apilo, muli ndi kudandaula. Koma ngati a jaji anaganiza kuti wakunja aliyense ayenera kuyika chikole zivute zitani, osayang'ana kuti kampaniyo ili ndi nyumba kapena katundu wosasunthika muno, osayeza chilungamo cha mbali zonse, apo mwina muli ndi poyambira, chifukwa chikole si ufulu wongotola wa wamuno, khoti limayeza.

Notice of appeal ndi kapepala kakafupi koma kamapha milandu kuposa china chilichonse. Kayenera kunena khoti lomwe linagamula ndi tsiku lake, tsiku lomwe chilolezo chinaperekedwa ngati chinafunika, ngati mukutsutsa chigamulo chonse kapena mbali chabe, zifukwa zanu mwachidule ndi momveka, adiresi yolandirira mapepala, ndi chenicheni chomwe mukupempha. Chomalizachi chiwerengeni nokha ndi chala. Sikokwanira kulemba kuti apilo ipambane. Pakhale kuti apilo ipambane ndi ndalama zake, chigamulo cha khoti la pansi chichotsedwe, ndipo m'malo mwake palembedwe mawu akutiakuti, mawuwo n'kuwalemba ndithu mmene a jaji oyamba aja akanayenera kulembera, mwachitsanzo kuti chitsutso cha mphamvu za khoti chakanidwa ndipo mlandu ubwerere ku High Court ukapitirire. Tsiku la chigamulo likalakwika, kapena pempho likakhala losamveka, notice yonse ndi yakufa, ndipo kuyambira pa Jensen v Acavalos mu 1993 akhala akunena kuti yakufa siikonzedwa, mumayambiranso ndi pempho la chikhululuko. Zifukwa zisakhale 20 zobwerezabwereza, zitatu zakuthwa zimaposa tsamba lodzaza.

Ikalowa notice, pepala lipite kwa registrar wa Supreme Court, wa High Court ndi kwa mbali inayo, zonse mkati mwa masiku omwe aja. Kenako ndalama yokonzera rekodi, kenako chikole cha ndalama za mnzanuyo pa apilo, chomwe malamulo a 2018 anati chikhale chitaperekedwa pasanathe mwezi umodzi chilowetsereni notice, mukakanika kugwirizana kuchuluka kwake registrar ndi amene amadula. Kungolemba mu notice kuti tidzapereka si kupereka. Registrar akaitanitsa heads of argument, mfundo zanu zolembedwa, muli ndi masiku 15. Mukaphonya chimodzi mwa izi apilo imatengedwa kuti mwaisiya nokha ndipo yathetsedwa, popanda jaji kuyankhula. Kwa kampani yakunja vuto limakhala kutumiza ndalama, a ku Malawi mukudziwa mmene forex imavutira ku banki, ndiye pempho la ndalama ku banki liyambe tsiku lomwe mwaganiza za apilo, kapena ndalamayo ikhaliretu mu trust account ya loya wanu kuno.

Zonsezi masiku ano zimadutsa pa kompyuta. Kuyambira May 2022 Supreme Court ndi Commercial Division, nthambi ya High Court ya milandu ya malonda, zinayamba kugwiritsa IECMS, njira yolowetsera mapepala pa intaneti, High Court yonse inatsatira mu 2023, ndiye zonyamula mafayilo ku khoti pa msewu wa Samora Machel zinachepa. Ubwino wake bwana ali ku Lilongwe atha kulembetsa n'kumaona yekha mmene mlandu ukuyendera. Kuipa kwake anthu amadikira tsiku lomaliza madzulo, magetsi azima, netiweki yathawa, PDF yakula yakana kukwera, malipiro sanadutse. Lowetsani kukadali masiku awiri.

Pali chinthu china chimene chimagwetsa makampani akunja mwakachetechete, affidavit. Pempho la chilolezo kapena la chikhululuko limafuna munthu wolumbira, ndipo ngati dayirekitala wanu akusayinira kunja kwa Zimbabwe, chidindo cha commissioner for oaths wa pa kona sichikwanira. Apite kwa notary public amene ayike siginecha ndi chidindo chake, kapena ku ofesi ya kazembe wa Zimbabwe m'dziko limenelo. Pakhalenso resolution ya bodi yonena kuti kampani yavomera mlanduwu ndipo yatuma uyeyu kuti ailankhulire, poti Supreme Court pa Madzivire v Zvarivadza mu 2006 inati kukhala dayirekitala pakokha si chilolezo. Taganizani, masiku ndi 12, loya alembe, atumize pa email, bwana apezeke, notary apezeke, asikane, choyambirira chikwere basi kapena DHL. Njira yanzeru ndi kupanga resolution kumayambiriro kwa mlandu yopatsa mphamvu munthu amene ali kuno ndipo akuidziwa nkhaniyo, yonena momveka kuti mphamvuyo ikufika mpaka pa apilo.

Funso limene aliyense amafunsa: ndikapanga apilo ndiye kuti chigamulo chayima? Pa lamulo la makolo la Roman-Dutch, inde, apilo yolowa bwino imayimitsa chigamulo cha High Court, ndipo wopambanayo ndi amene amapempha kuti achigwiritse ntchito apilo ili mkati. Koma ngati mlandu wanu uli ku Commercial Division samalani, malamulo ake a 2020 anatembenuza zimenezi, apilo siyimitsa chigamulo pokhapokha khoti litalamula inu mutapempha. Khoti limenelo analikhazitsa kuti milandu ya malonda izithamanga, ndiye malangizo a jaji pa case management, za masiku olowetsera mapepala ndi zina zotero, musawerengere zoti apilo ikupulumutsani. Komanso dziwani kuti kuyimitsa chigamulo chokana sikukupatsani chomwe munakanizidwa, a jaji akakana kumasula thiraki, apilo siitulutsa thirakiyo pa geti.

N'chifukwa chake ndimati musanathamangire kumwamba yang'anani zitseko za pansi pomwepa. Order yogwira katundu imene inatengedwa inu kulibe mutha kubwerera ku High Court komweko kukapempha kuti ichotsedwe, mwina thirakiyo si ya kampani yomwe ikusumiridwayo, ndi ya banki kapena ya transporter wina, mwinanso wopemphayo anabisa zoona pomwe pempho la mseri limafuna kuulula zonse. Nthawi zambiri chachangu kuposa zonse ndi kupereka chikole china m'malo mwa thirakiyo, ndalama kapena bank guarantee, galimoto ibwerere pa msewu izipanga ndalama inu mukukangana. Koma loya alembe momveka kuti kutero sikuvomera mphamvu za khoti ngati mukufuna kudzazitsutsa, ndipo chitsutso chimenecho chibwere koyambirira, mukayamba kuyankha za ngongoleyo osachitchula mudzauzidwa kuti munagonjera nokha.

Chigamulo chobwera chifukwa simunayankhe masamani, default judgment, chimene makampani akunja chimawagwera kwambiri poti mapepala anakafikira pa adiresi yakale, sichipangidwa apilo. Supreme Court inanena pa Zvinavashe v Ndlovu mu 2006 kuti njira yake ndi rescission, kupempha khoti lomwelo lichifafanize, pasanathe mwezi umodzi chidziwireni, mukufotokoza chomwe munalephelera komanso chitetezo chomwe muli nacho. Nkhani yanu ikachotsedwa pa mndandanda chifukwa cha pepala lolakwika, Practice Direction 3 ya 2013 imapereka masiku 30 okonza, konzani m'malo mokangana. A jaji akati si yachangu, nkhaniyo siinafe, imangolowa pa mzere wa milandu wamba. Ndipo chigamulo cha panjira chenicheni jaji atha kuchisintha yekha zinthu zikasintha, komanso mukadzaluza mlandu waukulu mutha kudzachidandaula pa apilo ya kumapeto ngati chinakhudza zotsatira. Loya angoonetsetsa kuti kutsutsa kwanu kwalembedwa mu rekodi.

Za arbitration ndingodutsamo. Arbitration Act, Chapter 7:15, inatenga Model Law ya UNCITRAL, lamulo lachitsanzo la bungwe la UN, ndipo Article 8 imati khoti litumize anthu ku arbitration ngati mbali imodzi yapempha isanayambe kuyankha za mkangano weniweniwo. Arbitrator akagamula koyambirira kuti ali ndi mphamvu, Article 16 imakupatsani masiku 30 opita ku High Court, ndipo chomwe High Court inene pamenepo chilibe apilo. Zimbabwe ili mu New York Convention, pangano la maiko lolemekeza zigamulo za arbitration, kuyambira 1994, Malawi inalowa mu 2021, ndiye chigamulo cha arbitrator pano chimawoloka Mwanza mosavuta kusiyana ndi kale. Nthawi zina amene akulimbana kuti mlandu ukhale mu khoti la Harare akulimbana ndi mwayi wake womwe, poti katundu wa mnzakeyo ali kutsidya.

Nthawi kuno ndi ndalama m'njira imene a maiko ena samvetsa. Amene anali ndi zigamulo za madola a America February 2019 isanafike anaona SI 33 ya 2019 ikuzisandutsa RTGS, ndalama ya kuno ya nthawi imeneyo, pa 1:1, ndipo Supreme Court inatsimikiza zimenezo pa Zambezi Gas v N.R. Barber mu 2020. Ngongole za kunja zinapatulidwa pa lamulo limenelo, koma anthu anathanso zaka akukangana kuti ya kunja ndi iti. Kuchokera apo tadutsa mu Zimdollar, mu April 2024 kunabwera ndalama ya ZiG. Ndiye ngati ndinu amene mukufuna ndalama zanu, apilo ya panjira ndi mphatso kwa wangongole, mwamupatsa miyezi yaulere ndi dzanja lanu. Musanavomere mufunseni loya mafunso awa ndipo ayankhe pa pepala: tikapambana apiloyi mlandu utha kapena tibwerera pomwe tinali, itenga nthawi yotani, idya zingati kuphatikiza advocate ndi rekodi, ndipo tikaluza tilipira zingati za enawo. Akayankha kuti tibwerera pomwe tinali, ine ndingati sungani madolawo mukamenyere mlandu waukulu.

Mukakhala kuti ndinu amene munapambana ndipo winayo ndi amene wapanga apilo kuti angokuchedwetsani, musakhale manja lende kudikira tsiku. Loya wanu aone ngati chilolezo chinafunika ndipo chinatengedwa, awerenge masiku, ayang'ane tsiku la chigamulo ndi pempho mu notice muja, alembe kalata yofuna chikole, mwezi ukatha chisanabwere alembere registrar kuti apiloyo itengedwe kuti yasiyidwa. Ngati apilo yayimitsa order yanu, pemphani ku High Court chilolezo choigwiritsa ntchito apilo ili mkati, kumeneko amayeza kuti avulale kwambiri ndani komanso ngati apiloyo ndi yenizeni kapena yongogulira nthawi. Ndipo ngati pali mbali ya chigamulo imene inunso sinakukomereni, cross-appeal, apilo yanu yobwezera, ili ndi masiku ake ochepa kuchokera pomwe apilo yawo yalowa, ndiye imeneyo muikambirane sabata yomweyo.